Kukaimba Foni ku Chiponde

Zaka zimenezo ndinkachita geni ya usipa wouma. Ndinkagula kwathu ku Nkope, pathandala poyanikira pomwe, n'kukwera nawo mapiri kupita ku Chiponde, kumalire ndi Mozambiki. Pobwerera ndinkatenga zitenje ndi nyemba. Ulendo wake unali wotopetsa koma ndinkaukonda, chifukwa pamsika wa ku Chiponde sipasowa nkhani, ndipo anthu a tsidya lija akaona usipa wa kunyanja sanenerera mtengo nthawi yaitali.

Tsiku lina pamalo anga panafika bambo wachinyamata, wamtali, atavala mzuli woyera kumutu. Ananjuta, natola kausipa kamodzi n'kukalawa. Kenaka anandifunsa m'Chichewa chosakaniza ndi Chiyao.

"Usipa uwu ngwakuti, achemwali?"

"Wa ku Nkope."

Anasiya kutafuna. "Inuyo ndinu a ku Nkope komweko, kapena mumangokagulako?"

"Mchombo wanga uli komweko," ndinatero.

"Wanganso uli komweko."

Ndinaseka. Ndinkayesa ndi nzeru za ogula zija, zofuna kupanga chibale kuti uwaonjezere mulu. Koma iye sanaseke. Anandiuza kuti ndi dalaivala wa lole, amachokera ku Cuamba ku Mozambiki, ndipo ankadikira kuti mapepala a katundu wake atheke pachipata. Mayi ake anamulamula kuti nthawi iliyonse akafika pamalire azifunsa ogulitsa nsomba. Anali atafunsa ambiri, ena a ku Malindi, ena a ku Makanjira, koma palibe amene ankadziwa banja limene ankalifuna.

"Banja lake lotani?" ndinafunsa.

"Nyumba yake ili pafupi ndi mlambe. Abambo ake ankaphika kuhotela ku Makokola. Amayi ake ali ndi mpata kumano, amaimba kwaya kutchalitchi. Ndiye akuti panali kamtsikana kolongolola kamene kankandibereka kumbuyo."

Ndinaimirira. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, chimunthu chachitali chotero, ndevu pachibwano.

"Kolongololako ndi ine," ndinatero.

Anangokhala pansi, padothi pomwepo, nagwira kukamwa.

Nkhani yake inayamba ndili mwana, nkhondo ili mkati ku Mozambiki. Kwathu kunafika mayi wina woyembekezera, kamtolo kali pamutu. Anasiyana ndi amuna ake pothawa, ndipo anabwera ku Nkope chifukwa anamva kuti kuli achibale ake ena osodza. Sanawapeze. Amayi anakumana naye akuchapa kunyanja, namutengera kunyumba kuti apume masiku ochepa. Masiku ochepawo anasanduka zaka. Ife tinali a kutchalitchi, iye anali Msilamu, koma sizinavute. Nkhuku ikafunika kuphedwa, ababa ankaitumiza kwa mnansi wathu wa Chisilamu kuti akazinge, tonse tidye mbale imodzi. Ana tinkamuitana kuti amayi aang'ono.

Mwana wawo anabadwira m'nyumba mwathu. Pasanapite nthawi yaitali amayi anabereka mlongo wanga, koma anadwala kwambiri mpaka mkaka unauma. Amayi aang'ono ndiwo anayamwitsa ana onse awiri, wina bere ili, wina bere linalo. Mtendere utabwera tsidya lija, anamva kuti amuna awo ali moyo, ndipo anakwera galimoto zimene zinkabweza anthu kwawo. Nthawi imeneyo kunalibe mafoni a m'manja. Uthenga unafika kamodzi kudzera mwa munthu wa malonda, wonena kuti anafika bwino. Kuchoka apo kunali zii.

Dalaivala uja, amene tsopano ndinayamba kumutchula kuti achimwene, anandiuza kuti bambo ake anamwalira, koma mayi ake alipo, akulima, ndipo ali ndi kafoni kawo. Anandilembera nambala m'foni mwanga. Ine ndinamudzazira jumbo la usipa kuti akawapatse.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi akusankha mpunga pakhonde, ababa ali pampando wawo wa ndalema. Ababa anali atapuma kale ntchito ya kuhotela. Ndinafotokoza zonse. Amayi anaika lichero pansi.

"Ali moyo?"

"Ali moyo, amayi."

"Wamuona ndi maso ako mwanayo?"

"Ndamuona. Watalika kuposa chitseko ichi."

Anandifunsanso kachiwiri ngati alidi moyo, kenaka analowa m'nyumba. Ine ndinathamangira kugolosale kukagula mayunitsi. Pobwerera ndinawapeza atasamba, atavala chitenje chatsopano ndi duku wa kutchalitchi.

"Foni siona zovala, mayi," anatero ababa.

"Ine ndikudziona," anayankha amayi.

Ndinaimba. Inaitana kwa kanthawi, kenaka kunamveka mawu a munthu wachikulire. Ndinawapatsira amayi. Anaigwira ndi manja awiri.

"Ali uli, achemwali?" anatero m'Chiyao.

Kumbali inayo kunamveka mfuu, mpaka ababa anadzuka pampando. Amayi awiriwo anayamba kulonjerana. Mwadzuka bwanji, ana adzuka bwanji, nanga zidzukulu, nanga miyendo, nanga mvula kumeneko. Malonje a anthu akuluakulu sathamanga, ndipo awa anali malonje a zaka zambiri. Asanamalize n'komwe kufunsana za ana, foni inalira kamodzi, mawu a mkazi wa kukampani ya mafoni nanena kuti mayunitsi atha. Amayi anapitiriza kulankhula kanthawi, kenaka anaichotsa kukhutu n'kuiyang'ana.

"Mkazi ameneyu ndani akulowerera nkhani za eni ake?"

Apo m'pamene ndinadziwa kuti kuimba kunja kwa dziko kumadya mayunitsi ngati moto wa lupsa. Tinayesanso sabata yotsatira, zomwezo. Amayi aang'ono anayesa kuimba kuchokera kwawo, nawonso anathera pamalonje. Ndinawasiyira amayi kafoni kanga kakale, ndipo awiriwo anapangana zofulashana. M'mawa uliwonse kafoni kankalira kamodzi n'kusiya, kutanthauza kuti ndadzuka bwino. Amayi nawo ankabweza. Zinkawasangalatsa, koma sizinkawakwanira.

"Kumeneku n'kugogoda pakhomo pa munthu n'kuthawa," ankatero.

Ababa anali ndi nzeru yawo. "Vuto lanu ndi malonje. Mukangoti halo, lowani m'nkhani. Za miyendo ndi mvula muzisiye."

Amayi anawayang'ana cham'mbali. "Inu m'nyumba ya mnzanu mumalowera pawindo?"

Yankho linachokera kwa mnzanga wina wa pamsika ku Chiponde, mayi wogulitsa mafuta ophikira amene ankayala pafupi ndi ine. Nditamudandaulira, anandiseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Iwe, zaka zonsezi ukubwera kuno sudziwa? Ukuimba tsidya ndi simukhadi ya kuno?"

Anatsegula kumbuyo kwa foni yake nandionetsa masimukhadi awiri, ina ya kwathu kuno, ina ya ku Mozambiki. Anandifotokozera kuti netiweki ya tsidya imafika mpaka pa Chiponde. Ukaika simukhadi ya kumeneko, kampani yawo imakutenga ngati uli m'dziko lawo, ndipo umalipira ngati ukuimbira munthu wa m'mudzi mwako.

"Netiweki sifunsa chiphaso pachipata," anatero. "Ndiye Loweruka ali ndi bandulo yawo ina. Ukagula kamodzi, a kampani imodzi mumalankhulana mpaka pakamwa kuuma."

Achimwene a lole aja atadutsanso, ndinawauza, ndipo ulendo wotsatira anandibweretsera simukhadi ya kampani yomwe mayi awo ankagwiritsa ntchito. Mayunitsi ake ankagulitsidwa pamsika pomwepo. Ndinathamanga nayo kunyumba ndili ndi chimwemwe, koma ku Nkope inangoti duu, osaonetsa ngakhale kamzere kamodzi. Zinali zoonekeratu kuti netiwekiyo singatsike mapiri kudzawapeza amayi. Amayi ndiwo anayenera kukwera.

Ababa anatsutsa. Anati ndalama yokwerera galimoto kupita ndi kubwera iposa mayunitsi amene tikuthawawo. Mwina ankanena zoona, koma amayi anali atamanga kale chitenje m'chiuno.

"Ine ndikukathandiza mwana kugulitsa usipa," anatero. "Zafonizo n'zongodutsira."

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa. Minibasi inatitula pa boma la Mangochi, n'kukwera galimoto ina yowoloka mlatho wa Shire. Amayi anali atatha zaka osawoloka mlatho umenewu. Titayamba kukwera mapiri, msewu ukukhotakhota, anatulutsa ndimu m'kachikwama n'kumanunkhiza, maso ali chotsinzina, milomo ikuyenda chamumtima. Pofika ku Namwera kamphepo kozizira kanalowa pawindo, nafunda chitenje chachiwiri.

"Anthu amakhala bwanji kozizira chonchi?" anafunsa. "Komanso mwanawe, ndiye umavutikatu."

Malo amene netiweki ya tsidya inkagwira bwino anali kuseri kwa msika, pokwera pang'ono, pamene panali mtengo wa mango ndi chulu. Tinapezapo anthu angapo, aliyense foni kukhutu, wina akulankhula Chiyao, wina Chipwitikizi, wina akukalipa, wina akuseka yekha. Mayi wina wochenjera anali ataikapo benchi n'kumagulitsa zitumbuwa kwa oimba mafoniwo. Ataona amayi anawasunthira malo.

Ndinasintha simukhadi, timizere tinadzaza, ndinaimba. Amayi anayamba kulankhula mothamanga ngati akuthawa mvula, maso ali pa ine, kudikira kuti ndiwakodole kuti nthawi yatha.

"Musathamange, amayi," ndinawauza. "Lero sadula."

Sanakhulupirire msanga. Koma malonje anatha, foni osaduka. Anafunsana za ana mmodzimmodzi, foni osaduka. Ndinaona mapewa awo akutsika. Anavula nsapato, natambasula miyendo, natsamira mtengo. Ndinawasiya ndi kupita kukayala usipa wanga.

Nditabwera kudzawaona, ndinawapeza akulira. Ankatchulirana anthu amene anatisiya. Amayi ankatchula wa ku Nkope, amayi aang'ono n'kulira tsidya lija, kenaka iwo ankatchula wa kwawo, amayi n'kulira ngakhale ena sanawaonepo. Mayi wa zitumbuwa uja anandikodola kuti ndisawasokoneze. Ndinabwerera kumsika.

Pobwera kudzawaonanso kachiwiri ndinamva kuseka ndisanafike n'komwe. Amayi ankaseka chikhakhali, akumenya benchi ndi dzanja, duku atapendekeka. Sindinawaonepo akuseka chotero. Ankalankhula Chiyao chothamanga, chimene kunyumba sankachilankhula kawirikawiri. Ndinaima pambali n'kumvetsera. Ankakumbutsana za tsiku limene ababa anasiya njinga yawo kunyumba, awiriwo n'kuitenga kuti aphunzire kupalasa. Amayi aang'ono anakhala pachishalo, amayi akukankha, ndipo njinga inawathawitsira m'munda wa chinangwa wa mnansi, gudumu lakutsogolo n'kupindika. Anaibweza mwakachetechete, n'kunena kuti yagwetsedwa ndi mbuzi.

Amayi atandiona anatseka foni ndi chikhatho. "Iwe, usakanene kunyumba."

Batire linatha dzuwa lili pamutu. Amayi anandiyang'ana ngati mwana wolandidwa nzimbe. Mayi wa zitumbuwa anasendera pafupi. Anatsegula foni yake, natulutsa simukhadi yake, naika yathu.

"Pitirizani, mayi," anatero. "Nkhani ya njinga ija sinathe."

Pamene tinkanyamuka, mawu a amayi anali atasasa, khutu lili lotentha. Sananunkhizenso ndimu pobwerera. Anagona paphewa langa kuyambira ku Namwera mpaka pamlatho.

Kuyambira pamenepo unakhala mwambo. Mwezi ukatha, kapena usipa ukachuluka, amayi ankapita nane. Ankayamba andithandiza kugulitsa m'mawa, ndipo kunena zoona malonda ankayenda bwino iwo akakhalapo, chifukwa ankadziwa kucheza ndi ogula m'Chiyao, mwina mpaka kuwapezera chibale. Dzuwa likakwera ankapukuta m'manja n'kulunjika kumtengo wa mango. Anyamata a kabaza anawazolowera. Akangowaona akutsika galimoto ankakuwa kuti, "Amama, netiweki ilipo lero, yadzaza!" Pobwerera ankandifotokozera zonse: mdzukulu uje wayamba sukulu, chimanga cha kumeneko chachita bwino, mbuzi ya amayi aang'ono yaswa awiri. Tinayamba kudziwa za mudzi umene sitinauonepo ngati kuti uli kuseri kwa mlambe wathu. Mwezi wa Ramadani amayi sankadya zitumbuwa akamaimba. Ankati si bwino kutafunira m'khutu munthu amene akusala.

Ababa ankadandaula kuti tikuwasiya okha ndi nkhuku. Koma tikafika, iwo ndiwo ankayamba kufunsa kuti kwayankhulidwa zotani. Tsiku lina, tikukonzekera ulendo, tinangoona atulutsa malaya awo oyera a kuhotela aja, atawasita ndi simbi yamakala mpaka mizere kuima.

"Mukupita kuti?" anafunsa amayi.

"Ndikukathandiza mwana kugulitsa usipa."

Pamtengo wa mango paja, amayi atalankhula pang'ono, anawapatsira foni. Ababa anaimirira, nakonza kolala, nayamba kulonjera. Anafunsa za thupi, za ana, za zidzukulu, za mvula, za munda. Anapepesa maliro a amuna a amayi aang'ono mwaulemu wonse, chipewa chili m'manja. Amayi ankangondigunda ndi chigongono. Atamaliza zonsezo anatsokomola pang'ono.

"Alamu," anatero, "pali nkhani ina yakale. Mbuzi ija inagwetsa njinga yanga, kodi ikadali moyo?"

Amayi anandicheukira ndi maso oopsa. Ndinakweza manja kulumbira kuti sindinanene kanthu.

"Musamuyang'ane mwana," anatero ababa. "Tsiku limenelo ndinaweruka msanga. Ndinaima patali n'kuona mbuzi ziwiri zovala zitenje zikutuluka m'chinangwa."

Kuseka kwa amayi aang'ono kunamveka mpaka kwa anthu amene anakhala kumapeto kwa benchi. Amayi anadziphimba kumaso ndi chitenje. Ababa anakhala pansi mokhutira, nagula zitumbuwa za tonse.

Tinayenda choncho zaka zingapo. Kenaka mawondo a amayi anayamba kuvuta, ndipo kukwera galimoto za kumapiri kunakhala chintchito. Mwamwayi nthawi yomweyo kampani ya mafoni ya kwathu kuno inayambitsa bandulo yoimbira maiko oyandikana nafe pamtengo wotsika. Sinali yolankhula tsiku lonse ngati ya tsidya ija, koma inkakwana malonje ndi nkhani ziwiri zitatu. Amayi anayamba kuimba ali pakhonde pawo, Lachisanu masana, amayi aang'ono akabwera kumzikiti. Ine ndinapitiriza geni yanga ndekha, ndipo ulendo uliwonse mayi wa zitumbuwa ankanditumiza moni ndi kaphukusi kwa amayi.

Chaka chathachi mlongo wanga, amene tsopano amagwira ntchito ku Joni, anatumiza foni yaikulu yoonerana nkhope. Achimwene a lole nawonso anawagulira mayi awo yotero. Tinapangana tsiku, m'mawa, ine ndili pakhomo kuti ndithandize.

Poyamba tinangoona chipumi ndi denga la malata, chifukwa amayi aang'ono anaiika foniyo kukhutu monga mwa chizolowezi. Tinamva mdzukulu wawo akuwauza kuti aitalikitse. Kenaka nkhope inaonekera, yaing'ono, yamakwinya, itakulungidwa mumpango wobiriwira. Awiriwo anayang'anana.

"Achemwali," anatero amayi aang'ono, "mwakalamba chonchi?"

"Nanga inuyo? Mano aja munasiya kuti?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Ababa anasuzumira kumbuyo kwa amayi, nauzidwa kuti dazi lawayanja. Ine ndinauzidwa kuti ndanenepa ngati mkazi wa bwana. Tinawaonetsa nyumba, khitchini, mlambe. Ankangoti, "Eee, eee," akugwedeza mutu. Kenaka anapempha chinthu china.

"Ndionetseni nyanja."

Amayi anatenga ndodo yawo, ndipo tinatsetsereka pang'onopang'ono kupita kudooko. Dzuwa linali litakwera, asodzi akuyanika makoka pamchenga, akazi akutsuka mbale, ana akusambira. Ndinatembenuza foni kuloza kumadzi. Amayi aang'ono anasendeza nkhope pafupi ndi galasi.

"Madzi abwera pafupi," anatero. "Mwala uja tinkachapirapo uli kuti?"

"Unamira," anayankha amayi. "Nyanja yadzaza zaka zino."

"Kuno ndimawauza ana awa kuti ndinakhalako kumadzi osaoneka tsidya, amati agogo mukunama." Tinawamva akuitana mokweza m'Chiyao. Posakhalitsa pagalasi panadzaza timitu ta ana, tikukankhana, tikukuwa. Wina anafunsa ngati mabwatowo ndi enieni. Msodzi wina amene ankadutsa ndi nsomba m'manja anaima, nazikweza m'mwamba kuti anawo aone, ndipo phokoso la tsidya lija linakula.

Mkono wanga unayamba kutopa. Nditati nditsitse pang'ono, amayi anandigwira chigongono n'kuchikweza.

"Gwira bwino," anatero. "Sanamalize kuona."